Kutola ndi Kutenga: Za Zithunzi za Acheŵa a ku Kadoma ndi Chegutu

Pepala lino likukamba za zithunzi, koma gwero lake ndi mau. Amene adayendako ku Kadoma ndi ku Chegutu, mizinda iŵiri ya m'chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe, pa mseu wochokera ku Harare kunka ku Bulawayo, akudziŵa kuti m'makomboni a kumeneko muli ana ndi adzukulu a anthu amene adachoka ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Fort Jameson kukafuna ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'mafakitale a thonje. Kufikira chaka cha 1982 mizindayi inkatchedwa Gatooma ndi Hartley, ndipo nkhalamba zina kwathu kuno zikali kuitchula ndi maina omwewo. Ambiri mwa anthu aja sadabwerere kwawo. Ndiwo amene timaŵatcha matchona. Funso limene ndikufuna kuti tiliganizire pamodzi ndi ili: kodi kamera yakhala ikuŵaona bwanji anthu ameneŵa, nanga chinenero chawo sichingathe kuiphunzitsa kamerayo kapenyedwe kena?

Tiyambe ndi mau amene. Pa Chicheŵa, chithunzi ndi mbale wake wa mthunzi ndi chithunzithunzi. Tsinde lawo ndi limodzi. Anzathu olankhula Chishona amati mufananidzo, ndiye kuti chinthu chofanana ndi mwini wake, monga ife tinenera chifaniziro. Iwo adagwira kufanana, ife tidagwira mthunzi, ndipo mthunzi tonse tikudziŵa khalidwe lake: umatalika m'maŵa, umafupika masana, ndipo sungakhalepo popanda munthu kapena mtengo woimirira pa dzuŵa. Kusiyana kwina kuli pa mneni. Mwana wa ku Rimuka, komboni yaikulu ya ku Kadoma, akati kutora mufananidzo, khutu la Mcheŵa limamva ngati wanena kuti kutola, pamene kutora kwa Chishona ndiko kutenga kwathu. Kutola n'kwina. Munthu amatola chimene chidagwa pansi, chimene anzake adachilambalala kapena kuchiponda osachiona, ndipo kuti achitole ayenera kuŵerama. N'chifukwa chake wosaka nkhani timamutcha mtolankhani. Mau aŵiriŵa, kutola ndi kutenga, ndiwo muyeso umene ndiyesere zithunzi zimene ndikambe.

Zithunzi zakale kwambiri za dera lino zidali zotenga. Thomas Baines, yemwe uja adayenda ndi Livingstone pa Zambezi mu 1858, adafika ku Hartley Hills pafupi ndi mtsinje wa Mupfure m'zaka za 1869 ndi 1870, atatumidwa ndi kampani yofuna golide. Iye ankajambula ndi dzanja, ndipo adali mmisiri weniweni, koma ntchito imene adaiyendera idali yoonetsa anthu a ndalama kuti m'nthakamo muli chuma. Kamera itafika idatsata mapazi omwewo. Tsegulani mabuku a mbiri ya migodi ya ku Southern Rhodesia, mupeza zitsulo zazitali za pakamwa pa mgodi, zigayo zophwanya miyala ndi nyumba za akuluakulu a ntchito. Mgodi wa Cam and Motor ku Eiffel Flats, kunja pang'ono kwa Kadoma, udali umodzi mwa migodi yaikulu ya golide m'dzikomo, ndipo anthu akwathu adakhetsamo thukuta lambiri. Koma m'zithunzi za mtundu umenewu munthu wakuda amaoneka ali pa mzere, wopanda dzina, ataikidwa pambali pa makina kuti woona adziŵe kukula kwa makinawo. Charles van Onselen, m'buku lake lotchedwa Chibaro la mu 1976, adafotokoza za njala, matenda ndi nkhanza za m'makomboni a migodi pakati pa 1900 ndi 1933. Zimenezo adazifukula m'makalata a boma ndi a makampani; zithunzi zija sizikadamuuza.

Mdzukulu wa zithunzi zimenezi ndi kachithunzi ka pa chitupa. Nkhope ili gwa, maso ali tong'o, makutu onse aŵiri akuoneka. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ana ambiri a matchona, obadwira mu Zimbabwe momwemo, adapezeka kuti zitupa zawo zikuŵachitira umboni woti ndi alendo, ndipo ambiri adalephera kuponya voti. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 adakonza mbali ya vutoli, ndiponso adaŵerengera Chicheŵa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka. Komabe tisaiŵale kuti kwa anthu ambiri a ku Chakari ndi ku Pfupajena, chithunzi chimene chidalamula kwambiri moyo wawo ndi chimenecho, chotengedwa ndi boma.

Mtundu wachiŵiri ndi wa zithunzi za Gule Wamkulu, amene anthu a kumeneko amati zvigure kapena zvinyau. Wojambula aliyense wochokera ku Harare kapena kunja akamva kuti pamalo pali Acheŵa, chimene amafunsa poyamba ndi gule. Sinditsutsa kuti gule ndi wokongola, ndiponso kuti m'makomboni a migodi ndiye adasunga maliro, mwambo ndi chinenero pamene zina zonse zinkasungunuka. Bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005 m'dzina la Malaŵi, Mozambique ndi Zambia, ndipo chiyambire pamenepo makamera achuluka pa bwalo. Chodandaulitsa n'chakuti zithunzizi zonse zimafanana: fumbi lili koboo, nthenga zili m'mwamba, ana akuthaŵa. Munthu woziona amatsala ndi maganizo akuti Mcheŵa wa ku Zimbabwe ndi chilombo cha Loŵeruka masana, ndipo kuyambira Lolemba kufikira Lachisanu kulibe. Amai amene amaimba ndi kuomba m'manja, amene popanda iwo gule sangavinike, amangooneka ngati mpanda wa kumbuyo. Za anzathu Achiyao, a mizikiti ndi jando, amene adabwera pa njira yomweyo nakhala m'makomboni omwewo, sizimveka n'komwe. Ndiponso pali ojambula ena osameta amene amalondola gule mpaka kufupi ndi dambwe, nafuna kuonetsa dziko zimene eni ake adalumbira kuti sadzaulula. Kumeneko ndiye kutenga kwenikweni, kosasiyana ndi kulanda. Mlendo ndi mame, adatero akale. Dzuŵa likakwera iye wapita ndi zithunzi zake, otsala ndi mlandu ndi eni mudzi.

Mtundu wachitatu ndi umene ndikufuna kukhalitsapo, chifukwa ndi umene uli pangozi. Ku Chakari, kumene mgodi wa Dalny udaima ntchito mu 2013, ndidacheza ndi agogo ena amene bambo awo adachokera ku Dedza. Titatha malonje adaloŵa m'nyumba natulutsa chitini chakale cha mabisiketi, chodzaza ndi zithunzi zakuda ndi zoyera. China chidali cha mnyamata wovala jekete lomukulira mapewa, dzanja limodzi lili pa chiwongolero cha njinga, linalo lili m'thumba mwa njira yoti wotchi ioneke. Ndidafunsa ngati njingayo idali yake. Agogo adaseka mpaka kutsokomola.

"Mwanangu, njinga ya yani? Njinga, jekete, wotchi, zonsezo n'za mwini kamera. Ake adali mano okhawo mukuŵaonawo."

Wina anganene kuti tsono chithunzichi ndi bodza, ndipo sichiyenera kuŵerengedwa ngati umboni wa mbiri. Ine sindikuvomereza. Mnyamatayo adalipira yekha, adasankha yekha kaimidwe, ndipo ankadziŵa amene adzachione: make ku Dedza, ndi mbeta ina imene ankaiyembekeza. Chithunzi cha kampani chimanena zoona za kukula kwa chigayo, koma sichinena kanthu za munthu. Ichi chimanama za njinga, koma chimanena zoona za chimene munthuyo adayendera ulendo wa masabata, ndi manyazi amene adamuletsa kubwerera chimanjamanja. Utchona wonse uli m'jekete lomukuliralo. Anzathu ena adazindikira kale mtengo wa zithunzi zotere. Santu Mofokeng wa ku South Africa adasonkhanitsa zithunzi za m'mabanja a anthu akuda za pakati pa 1890 ndi 1950 naziika poyera mu 1997. Ku Bulawayo, mlembi Yvonne Vera, ali mkulu wa National Gallery ya kumeneko, adakonza chionetsero chotchedwa Thatha Camera mu 1999, cha zithunzi zochokera m'nyumba za m'malokeshoni, ndipo Terence Ranger adalembapo nkhani mu 2001. Zitini za ku Rimuka, ku Eiffel Flats ndi ku Pfupajena zikudikira ntchito yonga imeneyo, ndipo chiswe sichidikira.

Lero zinthu zasintha. Pafupifupi mnyamata aliyense ali ndi kamera m'foni, ndipo chithunzi chimene kale chinkatenga mwezi pa positi chimafika ku Lilongwe asanatsirize kuphethira. Koma kuchuluka kwa makamera sikudachulukitse kuona. Pofuna kuthandiza ophunzira, aphunzitsi a luso lojambula amakonda kupereka mitu yoti munthu akaisake ndi kamera: lero jambula manja okha, maŵa zitseko, mkuja chilichonse chofiira. Njirayi ndi yabwino, chifukwa imakakamiza diso kuima pa zinthu zimene lidazoloŵera kudumpha. Chofooka chake n'chakuti mitu yake imabwera m'Chingerezi, ndipo ndi maina a zinthu okhaokha. Chitseko ndi chitseko ku London ndi ku Chegutu komwe. Wophunzira akachipeza, wamaliza, ndipo amabwerera ndi chithunzi chofanana ndi chimene adachiona kale pa intaneti.

Pamenepa mpamene ndikuti chinenero chathu chili ndi chuma chimene sitidachigwiritse ntchito, ndicho mvekero. Mvekero sutchula chinthu ai, umatchula mkhalidwe wa chinthucho pa kamphindi kamene diso lachigwira. Tikati kunja kuli mbee, tikati munthu wakhala ndwii, tikati utsi uli tolo, tajambula kale ndi pakamwa. Tsono taganizani mphunzitsi atauza ana a ku Rimuka kuti, "Pitani mukatole zii." Zii alibe malo amodzi okhala. Mwana wina akampeza pa bwalo la mpira la mgodi wotsekedwa, pamene udzu wafika m'chiuno. Wina akampeza pa chipata cha fakitale ya nsalu ya David Whitehead, dzina lomwe lija a ku Blantyre amalidziŵira pa zitenje, m'zaka zimene makina ake adali chiimire. Wina, wochenjera koposa, akakumbukira kuti zii ndi ndiwo zopanda mchere, najambula mbale ya pa nkhomaliro ya kwawo. Onse atatu alondola, ndipo palibe amene akadapeza yankho lake popanda kufunsa agogo ake kuti mauwo amatanthauzanji. Apa phindu lili paŵiri, pakuti ana ambiri a m'badwo uno kumeneko amalankhula Chishona, ndipo Chicheŵa amangochimvera ku maliro ndi ku gule.

Mvekero wina ndi mbuu. Ku dera la golide mbuu ali paliponse: pa milu ya dothi lotsala ku migodi, pa masamba a mango a m'mbali mwa mseu, pa nkhope za anyamata okumba okha amene kumeneko amaŵatcha makorokoza. Palinso piringupiringu wa pa siteshoni ya mabasi, psuu wa dothi la m'mafamu, ndi waliwali wa malata atsopano pakati pa nyumba zakale za komboni. Sindikufuna kundandalika mivekero yonse. Aliyense wa inu ali nayo yakeyake ya kwawo, ndipo ya ku Tete siingafanane ndendende ndi ya ku Kasungu. Chachikulu n'chakuti mutu wotere sungathe kutengedwa. Woufuna ayenera kukhala pansi, kudikira kuti dzuŵa lipendeke, kucheza ndi eni khomo, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Njabulo Ndebele, polankhula za zolemba za ku South Africa mu 1984, adadandaula kuti alembi adatengeka ndi zinthu zoopsa ndi zodabwitsa nataya moyo wa masiku onse. Dandaulo lomwelo likugwira ojambula a gule ndi a migodi.

Ndisabise kuti njira imeneyi ili ndi msampha wake. Mbuu amakongola m'chithunzi. Dzuŵa la madzulo likaloŵa m'fumbi la pa mulu wa mgodi limaoneka ngati golide amene, ndipo wojambula angathe kukondwera ndi kuŵalako naiŵala kuti fumbi lomwelo ndilo lidatha mapapo a agogo ake. Mvekero umanola diso, koma suuza munthu chimene ayenera kuchitira chisoni. Ndiye chifukwa chake ndikuti chithunzi chilichonse chotoledwa motere chizikhala ndi mau ake, olembedwa m'chinenero cha wojambulidwayo ndiponso movomerezana naye: dzina lake, kumene makolo ake adachokera, ndi chimene ankachita pa nthaŵiyo. Ntchito imeneyi ndi yathu ife a zinenero koposa a makamera.

Kufunika kwa mauwo ndidakuona m'chitini chija. Mwa zithunzi zonse, zoŵerengeka zokha ndizo zidali ndi zolemba kumbuyo, za pensulo, m'Chinyanja cha kalembedwe ka mishoni, ndipo zimenezo agogo ankazifotokoza mosadodoma, kutchula mfunda ndi mudzi womwe. Zinazo ankazitembenuza kaŵiri katatu, naziyandikiza ku maso, kenaka n'kuziika pambali. Chimodzi chidali cha amai atatu atakhala pa mphasa kunja kwa nyumba ya komboni, wina akusankha nyemba m'lichero, wina akuluka mnzake tsitsi, osayang'ana kamera n'komwe. Ndidaŵafunsa kuti amaiŵa ndani. Adati wapakatiyo akumufanizira ndi azakhali awo, koma amene akadatsimikiza adaikidwa chaka chatha.