Mau Akuti "Diripi"

Munthu akafika pa chipatala cha Nsanje kapena cha Chikwawa m'nyengo ya dzinja, nakhala pamthunzi pamodzi ndi anthu odikirira odwala, sipapita nthawi asanamve mau akuti diripi. Wina afunsa, "Kodi amai aja ali bwanji?" Mnzake ayankha, "Awaika diripi, tsopano ayamba kulankhula." Ngakhale nkhalamba imene sinapondeko pakhomo pa sukulu imatchula mauwa mosadodoma, ngati kuti inayamwira. Koma mau amenewa ndi mlendo, ndipo mlendo ayenera kufunsidwa kumene wachokera ndi katundu amene wasenza.

Kwao kwa mauwa ndi m'Chingerezi, m'mene amalembedwa "drip". Mngerezi akawatchula, poyamba saganiza za chipatala iai. Amaganiza za mpopi umene sunatsekedwe bwino, za malaya onyowa amene ayanikidwa pa chingwe, za thukuta lotsika pa mphuno ya munthu wolima. Kwa iye "drip" ndi kudontha basi, mau a tsiku ndi tsiku amene ngakhale kamwana kamawadziwa. Ali ndi ena oyandikana nao, amene amasokoneza ophunzira ambiri. "Drop" ndi dontho limodzi, komanso ndi kugwetsa chinthu; "leak" amanena za chiwiya chobooka; "drizzle" ndi mvula ya mawawa. Tsono munthu wofuna kunena m'Chingerezi kuti denga likudontha ayenera kusankha: akaganiza za chibowo anena "leak", akaganiza za madzi akugwawo anena "drip". Chinyanja chimamaliza zonse ziwiri ndi liu limodzi. Angerezi akale ankatchulanso munthu wofooka ndi wosasangalatsa kuti "drip", ndipo anyamata a masiku ano atembenuza liu lomwelo kuti litanthauze zovala zotchena. Izi ndi zao, sizikhudza wodwala.

Kubwereka mau sikulakwa. Anthu a m'Chigwa cha Shire anayamba kale kubwereka, pakuti mtsinje unali njira ya amalonda ochokera ku Zambezi. Nsapato, kalata, kapitawo ndi kachasu ndi mau ochokera kwa Apwitikizi, ndipo palibe amene amawaona ngati achilendo lero. Nawonso Azungu a ku Blantyre ndi ku Thyolo anabwereka liu lakuti chiperoni, dzina la phiri la ku Mozambique, potchula kamvula kozizira ka mwezi wa June ndi July. Chofunika kufunsa ndi chakuti liulo lafika ndi tanthauzo lake lonse, kapena lasiya lina panjira.

Liu la diripi linasiya panjira chinthu chachikulu. Mngerezi akamva kuti mbale wake ali pa "drip", khutu lake limamva kudontha, ndipo maganizo ake amaona madzi. Mmang'anja kapena Msena akamva kuti diripi, samva kudontha, samvanso madzi. Amamva dzina la mankhwala amphamvu a Chizungu, opachikidwa pa chitsulo, olowa ndi singano. Motero chinthu chimene kwao chili ndi dzina wamba chakhala ndi dzina laulemu ndi loopsa, ndipo anthu ambiri sadziwa kuti m'thumba lopachikidwalo kawirikawiri muli madzi oyera ndi mchere wa mitundu ingapo, nthawi zina ndi shuga. Zoona, namwino angathe kuikamo mankhwala ena, monga ankachitira ndi kwinini pa malungo aakulu. Koma pa wodwala kolera, ntchito ya thumbalo ndi kubweza madzi ndi mchere zimene thupi lataya.

Chodabwitsa n'chakuti Chinyanja sichisauka konse pa nkhani ya madzi ogwa pang'onopang'ono. Denga limadontha, mai amadontheza mankhwala m'diso la mwana, thukuta limachucha, wolira amakhetsa misozi, mvula imawaza, kapena imagwa ya mvumbi tsiku lonse. Ndiponso pali kutcheza. Mai wofuna kuphika therere amaika phulusa m'chiwiya chobooka pansi, nathirapo madzi, ndipo chidulo chimadonthera m'mbale. Makolo a Amang'anja ankatenga mchere m'dothi la m'Chigwa mwa njira yomweyo, kutcheza madzi a dothilo ndi kuwaphika mpaka mchere utsale. Anthu amene agogo ao ankatcheza madzi a mchere sangalephere kumvetsa thumba la madzi a mchere lodonthera m'mtsempha, wina atawafotokozera m'mau ao.

Wina anganene kuti iyi ndi mikangano ya aphunzitsi, yopanda phindu kwa mlimi. Koma aone zimene zachitika m'Chigwa chomwechi. Kolera inayamba kuoneka m'Malawi mu 1973. Mu 1990 inagwa pa msasa wa Nyamithuthu ku Nsanje, pamene pankakhala anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo odwala oposa 1,900 anagonekedwa m'miyezi yochepa. Mu 2022, atapita anamondwe Ana ndi Gombe, inabukanso, Nsanje ndi Chikwawa ali pakati pa maboma oyamba kukhudzidwa. Pofika mu 2023 inali itapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse, mliri wa kolera woposa yonse imene Malawi anaionapo.

Nthenda imeneyi imapha mwa kukhetsa madzi a m'thupi, ndipo imatha kupha munthu wamphamvu pa maola ochepa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, limaphunzitsa kuti odwala ambiri amachira ndi madzi akumwa okha a mchere ndi shuga, amene m'Malawi anthu amawadziwa ndi dzina la Thanzi: paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi abwino. Njirayi inaonetsa mphamvu yake mu 1971, pamene dokotala wa ku India, Dilip Mahalanabis, madzi a m'mitsempha atamuchepera pa msasa wa anthu othawa nkhondo ya ku Bangladesh, anauza abale a odwala kuti aziwamwetsa madzi a mchere ndi shuga, ndipo imfa zinachepa kwambiri.

Apa ndi pamene dzina limapweteka. Banja limene limakhulupirira kuti diripi ndiye mankhwala enieni, ndi kuti Thanzi ndi timadzi tongonyengerera wodwala, limanyamula munthu pa njinga kapena m'bwato osammwetsa kanthu, poti akalandira zenizeni kuchipatala. Koma kwa munthu wa ku Makhanga, Shire ndi Ruo zitasefukira, chipatala chili kutali, ndipo m'maola a ulendowo thupi limapitirira kutaya madzi. Akadadziwa kuti cha m'kapu ndi cha m'thumba ndi pachibale, kuti china chimalowera pakamwa china pamkono, akadanyamula botolo, namamwetsa wodwala pang'onopang'ono njira yonse. Ena amafika podandaula kuti sanathandizidwe chifukwa namwino wawapatsa kapu m'malo mwa singano, chonsecho namwinoyo waona kuti munthu angathe kumwa.

Izi sizitanthauza kuti diripi ndi yachabe. Munthu amene maso alowa, khungu lafota, ndipo sangathenso kumeza, moyo wake uli pa singano imeneyo. Woyamba kuthira madzi a mchere m'mitsempha ya odwala kolera anali Thomas Latta, dokotala wa ku Leith ku Scotland, mu 1832, ndipo anaona anthu amene anali pafupi kufa akutsegula maso ndi kulankhula. Pa kachubu kamene kamapezeka kawirikawiri, madontho 20 ndiwo amakwana mililita imodzi, kotero thumba la lita imodzi lili ndi madontho 20,000. N'chifukwa chake namwino amayang'ana wotchi ndi kuwerenga madontho, ndipo mbale wodikirira sayenera kukhudza kagudumu koyendetsera madziwo. Komatu pa kolera yoopsa dzina la Chingerezi nalonso limanama, pakuti madzi sadontha konse, amathamanga: munthu wolemera makilogalamu 60 amafunika malita 6 pa maola atatu.

Liu lomweli lalowanso m'Chigwa kudzera pa khomo lina, la kumunda. Ku Nchalo, kumene mizimbe ya shuga inayamba kulimidwa m'zaka za m'ma 1960, minda ina imathiriridwa ndi timapaipi todonthezera madzi pa mizu. Njirayi inakula ku Israel, kumene Simcha Blass ndi anthu a mudzi wa Hatzerim anayambitsa kampani ya Netafim mu 1965. Alangizi ena a zaulimi amangoti "drip", ndipo mlimi wakumva amayesa kuti ndi makina a anthu achuma okha. Mlangizi wonena kuti kuthirira kodontheza waphunzitsa kale theka la phunziro asanatulutse paipi, pakuti mlimi aona yekha kuti chidebe chopachikidwa pa mtengo ndi kapaipi koboolaboola zingachite ntchito yomweyo pa dimba la matimati, m'dziko lotentha limene madzi othira pamwamba amauma msanga.

Olemba zikwangwani ndi olankhula pa wailesi anaonetsa kuti angathe kuchita bwino. Poliyo itapezeka ku Lilongwe mu February 2022, uthenga wa katemera unkanena za madontho awiri odonthezera m'kamwa mwa mwana, ndipo panalibe mai wofunsa kuti dontho n'chiyani. Liu la diripi silingachotsedwenso, lakhazikika ngati nsapato ndi kalata. Chimene chikusowa ndi mau anai kapena asanu oliperekeza. Namwino akati, "Amai, tikuikani diripi, ndiwo madzi a mchere olowera m'mtsempha, abale ake a Thanzi amene mumamwa," wodikirira wodwala amabwerera kumudzi akudziwa chochita usiku umene mwana adzayamba kutsegula m'mimba bwato lili tsidya lina.