Si foni imene yacotsa anthu m'chalichi

Akulu a mipingo akabwera pa wailesi yathu kudzadandaula kuti acinyamata asiya kupemphera, mlandu amauponyera foni ndi mpira wa Lamulungu. Ine ndikukana. Mnyamata amene sabwera ku Misa ndi yemweyo sapita ku msonkhano wa boma, ndipo akaberedwa mbuzi sathamangira kupolisi. Watopa ndi malonjezo, kulikonse kumene acokera.

Mpingo unali ndi dzina. Nkhondo itatithamangitsira ku Dedza ndi ku Ntcheu, Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira anali mmodzi wa ankhoswe amene anakhazika Frelimo ndi Renamo pamphasa imodzi ku Roma, mpaka mtendere unasainidwa pa 4 Okutobala 1992. Makolo athu anabwerera ku Angónia akudziwa kuti wansembe akanena mawu, ndi mawu ndithu.

Nanga lero? Ngongole zobisika za madola pafupifupi 2 biliyoni zinaululika mu 2016, metikali nkugwa, mitengo nkukwera. Zisankho za 2024 zitavuta, maepiskopi a Katolika analankhula poyera, inde, koma kalata yocokera kutali imafika kumudzi itazizira. Cimene mlimi wa kacewere amaona ndi maso ake ndi ici: kampeni ikayamba, wandale amapatsidwa mpando wakutsogolo pafupi ndi guwa. Kulengeza za copereka kumatalika kuposa ulaliki. Ndalama za denga tinasonkha, koma ndi mipingo ingati imene imaziwerenga pamaso pa anthu, monga acitira amayi a banki mkhonde?

Ena asamukira kumapemphero a m'matenti. Ena amangotsegula wailesi Lamulungu m'mawa, nkumaimbira limodzi nafe akusenda nyemba.