Mlandu wa Malipenga a pa Sukulu

M'dziko la America, m'cigawo ca Massachusetts, munabuka mlandu umene tifuna kuuweruza pano, pakuti uli wa ana ndi aphunzitsi ao. Kumeneko ndiko kumene kuyimba kunayamba kuwerengedwa phunziro la m'sukulu za Boma, pamene akuru a mzinda wa Boston anabvomera m'caka ca 1838 kuti Lowell Mason aziphunzitsa ana nyimbo. Sukulu zambiri za kumeneko zisunga malipenga ndi zitoliro zobwereketsa ana amene makolo ao sangathe kuwagulira zao. Mwana akatsiriza nalo lipenga alibweza, ndipo mnzace alilandira.

Tsono m'zaka za m'ma 2000 anthu ena anapita nao mau ku nyumba ya malamulo ya cigawoco, kuti pakhale lamulo lakuti coyimbira ciri conse coomba ndi pakamwa ciyambe catsukidwa ndi mankhwala akupha tizirombo tonse cisanapatsidwe kwa mwana wina. Amene anacirimika pa mauwo ndiye sing'anga wa mano, mwini kampani yocita nchito yomweyo ndi mpweya wa ethylene oxide, umene atsukira zipangizo za m'cipatala. Aphunzitsi a nyimbo anakana, nati sukulu ziribe ndalama zotere, ndiponso sanaone nthenda irikufalikira mwa malipenga.

Tisafulumire kuseka ofuna lamulowo, pakuti mantha ao ali ndi pogwira. M'caka ca 2011 anthu ophunzira a ku Oklahoma State University anasindikiza zimene anapeza atapima zoyimbira 13 za sukulu ina: tizirombo tosiyana-siyana 442, ndi cuku wa mitundu-mitundu. M'caka ca 2010 asing'anga a ku Connecticut anasimba za woomba trombone amene anakhala cikhosomolere zaka ngati 15. Ndipo m'caka ca 2016 a ku Manchester, m'dziko la England, anasimba za munthu wa zaka 61 amene anamwalira ndi nthenda ya m'mapapu, ndipo m'zitoliro zace za thumba, zija aziti bagpipes, anapezamo cuku. Kholo lomva izi likacita nthumanzi, ndani angalitsutse?

Koma tiyeni tipenyetsetse. Anthu awiriwa sanadwale ndi malobvu a munthu wina ai. Anadwala ndi zoyimbira za iwo eni, zimene anaziomba tsiku ndi tsiku osazitsuka. Wa trombone uja anacira atayamba kubviika lipenga lace m'sipiriti kawiri-kawiri. Lamulo lotsuka lipenga pa tsiku lokha limene licoka kwa mwana wina kunka kwa mnzace silikadapulumutsa ngakhale mmodzi wa iwo. Lipenga lingayere bwanji pofika, mwana akaliomba madzulo amodzi m'kati mwace mwanyowanso, ndipo cuku amera ponyowa.

Kunena za tizirombo ta mwana woyamba uja, a ku Tufts University, m'Massachusetts momwemo, anayesa m'caka ca 2011 napeza kuti tambiri tifa patapita masiku owerengeka. Ta mtundu wa cifuwa cacikuru tinakhalitsa masiku 13 pa kabango ka pakamwa. Kabango nkosabvuta kutaya ndi kugula kena, ndipo lipenga logona m'bokosi miyezi iwiri ya chuthi lapyola kale masiku amenewo. Mpweya uja suli wa masewera: bungwe la World Health Organization liuwerenga pakati pa zinthu zodzetsa khansa, cifukwa cace nchito yace icitika m'nyumba zomangidwira dala, ndipo malipenga ayenera kutumizidwa kumeneko ndi kulipiridwa limodzi-limodzi. Sukulu ikalephera kulipira idzaleka kubwereketsa. Mwana wa mwini cuma adzaombabe lipenga logulidwa ndi atate wace, koma wa mmphawi adzangomvera kunja kwa zenera. Pa ici tibvomerezana nao aphunzitsi.

Komabe tiri nako kanthu kowadzudzula. Mau akuti "tiribe ndalama" sangatonthoze mai wa mwana wodwala cifuwa, ndipo akuti "sitinaone wodwala" ali ocepa mphamvu, pakuti wa trombone uja anatha zaka zambiri asanadziwe comwe cinamdwalitsa. Walira mvula walira matope. Iye wofuna gulu la malipenga pa sukulu pace alandirenso nchito ya zinyalala zace, naiyese phunziro lolingana ndi kuwerenga nyimbo. Mwana aphunzire kutsuka ca pakamwa ndi sopo, madzi ofunda ndi kaburashi, kukhetsa madzi a m'lipenga atatha kuomba, kupukuta m'kati mwa citoliro ndi kansaru, kuumitsa bokosi, ndi kusabwerekana kabango ndi mnzace, angakhale wa pamtima. Mtengo wa zonsezi uli wa sopo ndi mphindi zisanu.

Kotero mlanduwu tiugamula motere: aphunzitsi anacita bwino kukana lamulo, pakuti linaloza pamene nthenda sikhala, koma pokana anasenza mangawa. Mphunzitsi amene ayang'anira zala za mwana pa lipenga ayang'anirenso m'kati mwa lipengalo sabata ndi sabata, ndipo pobwereketsa auze makolo poyera m'mene lasambitsidwira.