Mwana wa zinenero ziwiri awerenge za ngumbi

M'nyumba zambiri za ku Area 15 mu Lilongwe mabuku a ana alipo ndithu, okongola, a zikuto zolimba. Koma tawasanthulani. La ndege, la nyenyezi, la nyama za kumayiko ozizira, onsewo ndi a Chingerezi. La Chichewa likapezeka ndiye nthano ya Kalulu ndi Fisi basi. Mwana sachedwa kumva zimene tikumuuza mosalankhula: kuti nzeru za kayendedwe ka zinthu zili m'Chingerezi, pomwe Chichewa n'chochezera ndi agogo kapena anthu ogwira ntchito pakhomo. Zimenezi zimandiwawa kwambiri.

Takangana zaka zambiri za chinenero chophunzitsira. Mu 1968 Chichewa chidakhala chinenero cha fuko, mu 2014 boma lidalengeza kuti Chingerezi chiyambire mu Sitandade 1, ndipo mu 2016 kudabwera National Reading Programme yokhazikika pa maliwu ndi maphatikizo. Maphatikizo ndi ofunika, sindikukana, makamaka m'Chichewa momwe mawu amalembedwa monga amamvekera. Koma kalasi ikamakuwa maphatikizo pamodzi m'mawa wonse, timati ana akuwerenga, pomwe palibe chimene adziwapo chokhudza dziko lowazungulira. Funso loti kodi akatha kuphatikiza malembo awerenga chiyani sitilifunsa.

Ine ndimaikira kumbuyo buku la zinthu zoona, ndipo m'bukumo chimene ndimachikonda koposa ndi chithunzi chokhala ndi mayina. Ndikunena chithunzi chija chili ndi timizere tochoka pa chiwalo chilichonse kupita pa dzina lake. Tengani tsamba la ngumbi. Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala kapena Disembala, mwana aliyense wa mu Lilongwe amaziona zikuunjikana pa getsi la pakhonde. Patsambapo pali mutu, mapiko anayi ofanana kutalika, miyendo isanu ndi umodzi. Mwana asanawerenge liwu ndi limodzi lomwe, wadziwa kale chimene mzerewo ukuloza. Ndiye akamaphatikiza malembo a dzinalo sakungoyerekeza, chithunzi chikumutsimikizira. Mawa lake mphunzitsi abweretse chithunzi chomwecho, mayina ali m'Chingerezi. Nzeru ndi yomwe ija, mwana waitenga kale m'chinenero cha pakhomo, chatsopano ndi mawu okha. Katundu wapepuka. Uku ndiye kugwiritsa ntchito zinenero ziwiri za mwana, m'malo momulanga akalankhula Chichewa monga zimachitikira m'sukulu zina zamkaka zolipira.

Luso la mphunzitsi lili pa funso limodzi: “Wazipeza pati?” Mwana akati ngumbi imathothola mapiko ikatera, aloze chiganizo chimene chanena zimenezo. Akati miyendo ndi isanu ndi itatu, abwerere pa chithunzi akawerengenso. Pa nthano funso lotere silipita patali, chifukwa ana ambiri amayankha za pamtima, nthanoyo adaimva kale. Pa nkhani yoona mwana amakakamizika kubwerera m'buku, ndipo kubwererako ndiye kuwerenga kwenikweni.

Amene akukayika akumbukire William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, ankabwereka mabuku a sayansi pa laibulale yaing'ono ya kwawo, limodzi mwa iwo lotchedwa Using Energy. Chingerezi chake chinali chochepa. Zithunzi ndi mayina olembedwa pambali pake ndizo zidamutsogolera mpaka adamanga makina opukusa magetsi ndi mphepo. Nkhaniyi timaikonda, timainyadira, koma njira imene iye adawerengera sitiilowetsa m'kalasi. Chifukwa chiyani?

Pa kulemba ndiye pamene ndimapsa mtima. Ana timawapatsa ziganizo zoti akopere pa bolodi, kenaka n'kumachonga kukongola kwa malembo. Mwana amene wawerenga za chiswe apatsidwe pepala, ajambule chulu chimene wachiona kuseri kwa mpanda, akoke timizere, alembe mayina yekha. Pansi pake alembe ziganizo zitatu zolumikizidwa ndi “poyamba”, “kenaka” ndi “chifukwa”. Timawu timeneti ndito timanyamula kuganiza, ndipo mwana akatizolowera m'Chichewa savutika kutipeza m'Chingerezi. Akasakaniza zinenero pa tsamba loyamba musamudule, mulekeni amalize ganizo lake, kukonza kubwere pambuyo. Mindandanda ya mawu oloweza Lachisanu ilibe phindu lotere. Matabuleti nawonso, kaya akhale owala chotani, sangafunse mwana kuti wazipeza pati n'kudikira yankho.

Ena amati mabuku otere m'Chichewa ndi ovuta kulemba chifukwa mawu a sayansi mulibe. Mwana wa Sitandade 2 safuna mawu a ku yunivesite. Akufuna kudziwa kumene madzi a pampopi amachokera, ndipo yankho lake ndi mtsinje wa Lilongwe, wochokera ku nkhalango ya Dzalanyama kudzera ku Kamuzu Dam. Masamba khumi ndi awiri akwana, chithunzi chimodzi pa tsamba, ziganizo ziwiri pansi pake. Anyani ndi apusi a ku Lilongwe Wildlife Centre, m'mbali mwa Lingadzi, ayenera kukhala ndi kabuku kawo. Chambo, mkungudza wa pa Mulanje ndi zojambula za pamiyala ya ku Chongoni chimodzimodzi. Wolemba ayese chiganizo chilichonse pa mwana weniweni, wojambula asadzaze tsamba ndi maluwa osafunika, mzere uliwonse uloze chinthu chimodzi chokha. A National Library Service ku City Centre ndi a Malawi Institute of Education ku Domasi ali ndi alembi ndi ojambula amene angaigwire ntchitoyi, ndipo makolo amene amagula mabuku akunja aja ndiwo ayambe kuwaitanitsa m'masitolo a mabuku.