Nsanja, mzinga ndi chikumbutso cha Vipya pa Mangochi

Pa boma la Mangochi, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pamene msewu umawoloka mtsinje wa Shire, pali zikumbutso zitatu zoyandikana: nsanja ya wotchi, mzinga wa m'sitima ya nkhondo, ndi chikumbutso cha anthu amene anamira ndi sitima ya Vipya. A kabaza ndi ogulitsa chambo amazidutsa tsiku ndi tsiku. Koma zikawerengedwa pamodzi, monga ndime zitatu za kalata imodzi, zimaonetsa poyera amene anali ndi mphamvu yosankhira tauniyi zoti izikumbukira.

Chimene maso amayamba kuona ndi nsanja. Inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria ya ku Britain, amene anamwalira mu 1901. Mayiyu sanapondepo phazi m'mbali mwa Shire, komabe chikumbutso chake ndicho chachitali kuposa zonse. Omangawo sanakhutire ndi mwala wolembapo dzina; anaikapo wotchi. Asodzi a kuno ankadziwa nthawi poona mwezi, nyenyezi ndi mphepo. Wotchi ya pamwamba pa nsanja inkalengeza nthawi ina, ya bwanamkubwa, ya ofesi ndi ya msonkho. Motero nsanjayi ikulira maliro a kutali, kwinaku ikuuza a kuno kuti dziko lili m'manja mwa ndani.

Mzingawo ndi wa mtundu wa Hotchkiss, wochokera m'sitima ya Gwendolen. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, Kaputeni Rhoades anapita ndi sitimayi ku Sphinxhafen, kumene lero kumatchedwa Liuli ku Tanzania, nawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda. Nkhaniyi anthu amaikonda chifukwa akuti kaputeni wa Chijeremani anali asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba. Koma mzinga umangokamba za kupambana. Sukamba za atengatenga amene anasenza katundu wa nkhondo imeneyo mpaka ambiri kufera m'njira, kapena za kudandaula kwa John Chilembwe kuti magazi a anthu a dziko lino akukhetsedwa pa mkangano wosawakhudza. Ndipo pa zikumbutso zitatuzi palibe chimene chinaimikidwira Mponda kapena Makanjira, mafumu Achiyao amene mphamvu zawo ndi malonda a akapolo zinachititsa kuti linga la Fort Johnston likhazikitsidwe mu 1891. Mbiri imeneyo ndi yowawa, ili ndi mbali zochititsa manyazi, koma ndiyo inabala tauniyi.

Chachitatu ndicho chimandikhudza mtima. Pa 30 Julaye 1946, m'nyengo ya mwera, sitima ya Vipya inagubuduzika ndi namondwe kumpoto kwa nyanja, kufupi ndi Chilumba, ndipo anthu 145 anamwalira. Inali sitima yatsopano, yongoyenda maulendo owerengeka. Pa zonse zitatu, ichi chokha ndicho chikunena za imfa ya anthu wamba, okwera ndi ogwira ntchito m'sitima, omwe ananyamuka ndi mitolo yawo akuyembekezeka kwawo. Chonsecho ndicho chaching'ono, chosavuta kuchiphonya.

Taganizirani nambalayo. Victoria ndi munthu mmodzi, ndipo aliyense wofika pamalopo amachoka akudziwa dzina lake. Rhoades nayenso timamutchula. Anthu a m'Vipya timawakumbukira ngati 145 basi. Nambala ndi chiyankhulo cha kalaliki wolemba lipoti. Nyumba ya maliro siyankhula choncho. Kwathu munthu akamwalira timatchula dzina lake ndi mfunda wake, timanena mudzi ndi mfumu yake, timadziwa amalume ake. Aliyense wa anthu amenewa anali ndi zonsezi. Mabanja ambiri analira popanda thupi loika m'manda, ndiye kuti kwa iwo chikumbutso ngati ichi chikugwira ntchito ya chiliza. N'chifukwa chake kuchepa kwake kumandipweteka.

Mzinga ndi nsanja zisachotsedwe. Ndi umboni, ndipo umboni suwonongedwa. Chosowa ndi ndime yachinayi, yolembedwa m'Chiyao ndi m'Chichewa, yofotokoza za Mponda, za atengatenga, ndi za anthu a m'Vipya mmodzimmodzi pamene mayina awo angapezeke. Nyumba yosungira zinthu zakale ya Lake Malawi Museum ili pafupi pomwepo, ndipo ntchitoyi ingayambire kumeneko, adzukulu a omirawo akadakumbukira zimene agogo awo anawauza.