Makatuni a Akuluakulu ndi Chigoba cha Maliya

Kale tinkati makatuni ndi zosangalatsa ana. Lero aliyense amene ali ndi foni ndi intaneti, kaya ali ku Senga Bay kaya ku Chipoka, angathe kuonera makatuni a ku America opangidwira akuluakulu: The Simpsons (1989), South Park (1997) ndi Family Guy (1999). Oŵakonda amati makatuniŵa amanyoza aliyense mosakondera. Tsono ife tifunse: akamajambula mwamuna ndi mkazi, chitonzo chake chimagwera yani?

Poyamba timaganiza kuti wonyozedwa ndi mwamuna. Homer Simpson ndi waulesi, wokonda moŵa, wosaganiza. Peter Griffin wa mu Family Guy ndiye woposa pamenepo. Akazi ao, Marge ndi Lois, ndiwo anzeru. Koma tikayang'anitsitsa tiona kuti nkhani kaŵirikaŵiri imakhala ya mwamunayo: ndiye amalakwa, ndiye amakhululukidwa, sabata yamaŵa nkulakwanso. Nzeru za mkazi ntchito yake ndi kukolopa pamene mwamuna watayira. Woonera amaphunzira kuti uchitsiru wa bambo ndi chibadwa, ndipo kupirira ndi gaŵo la mai. Mtsikana Meg Griffin amasekedwa chifukwa akuti sanaoneke bwino, chinthu chimene sangathe kulapa. Mu South Park mphunzitsi Garrison anachitidwa opaleshoni kuti akhale mkazi mu 2005, nabwerera ku umuna mu 2008. Nthabwala zake zinatsamira pa kunyansidwa ndi thupi, ndipo vuto la munthu wosautsidwa ndi thupi lake lomwe silinamveke. Tisaŵamane chabwino chao: Lisa Simpson ndi mtsikana woganiza payekha, ndipo makatuniŵa saopa kuvula andale ndi achipembedzo chinyengo chao.

Aristotle, pofotokoza za maseŵero oseketsa, anaphunzitsa kuti choseketsa ndi chilema kapena cholakwa chosapweteka, napereka chitsanzo cha chigoba chopindika nkhope koma chosaŵaŵa. Muyeso umenewu ngwothandiza, komabe ukusiya funso limodzi: amene anganene kuti sichikupweteka ndani, wosekayo kapena wosekedwa?

Yankho tingalipeze kwathu kuno, pakuti Acheŵa a m'mbali mwa nyanja anali ndi makatuni ao kalekale. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamlemekeza mu 2005, ndi kalilole wokulitsa zilema za anthu kuti mudzi uzione. Nyau ndi gulu la amuna, koma m'bwalo mumatuluka Maliya, wovala chitenje ndi mpango, woyenda monyang'wa ngati mkazi. Dzinalo likukumbutsa mkangano wa Nyau ndi amishoni, monga a White Fathers amene anafika ku Mua mu 1902. Ku Mua komweko Bambo Claude Boucher, amene anayambitsa malo a KuNgoni mu 1976, anasonkhanitsa zigoba zambiri ndi kulemba matanthauzo ake, kotero kuti Mpingo umene unkalimbana ndi zigobazo unayamba kuziŵerenga.

Kusiyana kwake nkuti Maliya savina payekha. Oyimba ndi kuomba m'manja ndi amai, m'mudzi momwe mbumba ndi yao ndipo mkamwini ndi wobwera. Wosekedwa ali pomwepo, ali ndi mau. Nyimbo ikazizira, gule naye amazizira. Sitikuti m'bwalo zonse nzoyera, pakuti nyimbo zotukwana zilipo, ndipo akazi akhala akuthamangitsidwa ndi virombo m'njira. Koma bwalo lili ndi woyankha. Katuni ya m'foni ilibe. Mnyamata amaseka ali yekha, ndipo mlongo wake sakhalapo kuti amdzudzule.

Nkhaniyi si yaing'ono. Mai wogula usipa pa dooko ndi kuuyanika pa thandala amadyetsa banja, koma nthabwala za m'mphepete mwa nyanja zimamjambula ngati wogula nsomba ndi thupi lake, pamene mwamuna wofuna malipiro otere satchulidwa nkomwe. Lamulo la 1973 loletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi linathetsedwa kumayambiriro a zaka za m'ma 1990, komabe mu Januwale 2012 anyamata ena anavula akazi m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha zovala zomwezo. Mkazi amene wasanduka chithunzi choseketsa savuta kumgwira.

Ife abusa tisathamangire kuletsa, pakuti kuseka ndi mphatso, ndipo mudzi wosaseka mfumu yake umaola m'kati. Tiphunzitse achinyamata kufunsa mafunso aŵiri pa nthabwala iliyonse, ya m'foni kapena ya pa guwa: kodi ikunyoza chimene munthu wachita kapena chimene iye ali? Nanga wonyozedwayo akadakhala pano, tikadaseka naye limodzi?