Liwu Lakuti "Kutentha" m'Maphunziro a Sayansi

Alembi ambiri omasulira maphunziro a sayansi amagwiritsa ntchito liwu lakuti "kutentha" pa zinthu ziwiri zosiyana: mphamvu yochokera ku moto, ndi mulingo umene themomita imasonyeza. Vuto lake limaonekera pofotokoza za madzi owira. M'mbali mwa nyanja yamchere, madzi akafika madigiri 100 mulingo sukweranso ngakhale moto usonkhezedwe, pakuti mphamvuyo imathera polekanitsa tizidutswa ta madziwo kuti tisanduke nthunzi. Pokhala ndi liwu limodzi lokha, mphunzitsi amakakamizika kunena kuti "kutentha kukuwonjezeka koma kutentha sikukuwonjezeka," ndipo wophunzira amangoloweza osamvetsa. N'koyenera tsono kuti alembi ndi akonzi azisiyanitsa "mphamvu ya kutentha" ndi "mulingo wa kutentha," umene umasonyeza liwiro la tizidutswato.